Manja Kunja kwa Matumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene Callum, mnyamata wa kwathu ku Beaumont Leys mumzinda wa Leicester, anandionetsa mpeni. Sanautulutse wonse. Anangokweza jekete, ndinaona chigwiriro chakuda, n'kundiuza kuti ndikadzadutsanso pa kamlatho ka oyenda pansi adzandicheka. Kamlathoko ndiko kanali njira yanga ndikatsika basi ya kusukulu. Mlandu wanga sindiudziwa mpaka lero. Mwina anali magalasi angawa.

Ndinayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse. Amayi, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba, sanachedwe kuona kuti matendawa ankapola Loweruka. Nditaulula, anakanena kusukulu, kenako anati, "Mawa ukatsika basi ukapeza munthu."

Ndinkayembekezera amalume a kutchalitchi, a zifuwa zotakata aja. Ndinapeza Anti Mwansa, mnzawo wa Amayi wa kuntchito, wochokera ku Zambia, wamfupi kuposa ine, atavala jekete yachikasu yooneka ngakhale uli kutali. Ndinkadziwa kuti asanabwere ku Leicester anakakhalako ku South Sudan ndi gulu la anthu odzipereka, loperekeza azimayi kukatola nkhuni pamaso pa asilikali, popanda mfuti ngakhale ndodo. Nkhaniyi inkandikomera pa chakudya cha Khrisimasi. Pa siteji ya basi sinandikomere.

"Dzulo n'nayenda kukawapatsa moni anzako aja a pa mlatho," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Nawauza kuti lero tipita pamenepo, nthawi ino."

"Mwawauza, Anti?"

"Munthu wa chida sumudzidzimutsa, iwe. Chotsa manja m'matumba."

Kunkazizira koopsa, mphepo ikuluma makutu. Ndinadandaula, koma sanandimvere. Anati dzanja lobisika mnzako amaliganizira zoipa, ndiye amafuna akuyambe iyeyo.

Anyamatawo analipo, atatsamira zitsulo za mlatho, Callum atatambasula mwendo kutseka njira. Ndinkamva fungo la fodya wawo wonunkhira ngati maswiti. Miyendo yanga inkafuna kuthawa, koma Anti ankayenda ngati akupita kogula tomato, zikhatho zili poyera. Titayandikira, dzanja la Callum linalowa mujekete.

"Callum," anatero Anti m'Chingelezi, mawu osakwera. "Tafika, monga ndinanenera. Chifuwa chadzulo chija chili bwanji?"

Mnzake wina anaseka, n'kusiya msanga. Callum anandiyang'ana ine, kenako jekete yachikasu ija.

"Ndi mwana wanu ameneyu?"

"Ayi. Ndikungoyenda naye. Tsiku lina wina akadzakuopseza iweyo, udzandiitane. Ndidzayenda nawenso."

Pansi pa mlatho magalimoto ankangodutsa. Kenako dzanja lija linatuluka lopanda kanthu, n'kukakanda mphuno, ndipo mwendo unabwerera pang'onopang'ono. Tinadutsa. Ndinkafuna kucheuka, Anti n'kundinong'oneza kuti, "Osacheuka, osathamanga."

Titakhota pangodya ndinaona zala za Anti zikunjenjemera, ndipo sikunali kuzizira kokha.

"Kani nanunso mumaopa?"

"Tsiku lililonse kumene kuja n'nali kuopa. Manje gwira chikwama changa, nimange nsapato."

Anandiperekeza mpaka masiku atayamba kutalika, akusinthana mashifiti ndi anzawo. Callum sanakhale mnzanga, komanso sanandikhudze.

Nditakula ndinafufuza m'mabuku a kulaibulale, poti ine zinthu ndimazimvetsa mochedwa, zikalembedwa. Ndinapeza kuti maganizo okhala ndi gulu la mtendere lopanda zida anakulira ku India, kwawo kwa makolo a eni masitolo a ku Belgrave mu Leicester momwemo, ndipo ena anawatengera kumayiko ankhondo. Si onse anabwerako amoyo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti Anti anaimira ine polimbana ndi Callum. Tsopano ndikuona kuti anamupatsa mpata wotulutsa dzanja lopanda kanthu anzake akuona, osachita manyazi. Mpaka lero, ndikaona gulu la anyamata kutsogolo, manja anga amatuluka okha m'matumba, ngakhale kukugwa chipale. Anzanga amati ndine wolimba mtima. Sadziwa kuti pamenepo ndiye ndikuopa.