Galu Wonunkhira Mpungabwe

Ku Nathenje a Zelifa ankadziwika ndi chinthu chimodzi: galu wawo Tiyese ankanunkhira kuposa anthu. Loweruka lililonse ankawiritsa masamba a mpungabwe ndi makoko a mandimu, madziwo akazizira n'kumusambitsa. Kenako ankamupaka timafuta ta nsatsi kuseri kwa makutu.

Anayamba zimenezi amuna awo, a Kalisito, atasiya kuona. Galuyo ankabwera mwakachetechete n'kuwadzidzimutsa, nthawi zina n'kuwapunthwitsa. Atayamba kununkhira, bambowo ankamumva akadali pachipata. "Wabwera mnzanga," ankatero, dzanja atatambasula kale.

A Kalisito anamwalira mu 1995, fodya ali m'zigafa. Koma a Zelifa sanasiye kuwiritsa mpungabwe.

"Alamu, galuyu mukumudzozeranji? Eni ake adapita kale," anafunsa mng'ono wa malemu tsiku lina.

"Nkhuni ndimatola ndine," anayankha a Zelifa, osatembenuka n'komwe.

Akamaliza kusambitsa galuyo ankakhala pakhonde, pampando wa malemu, n'kutsinzina. Ankakhala choncho mpaka fungo lija liwapeze. Akangolimva ankatambasula dzanja, koma mawu aja sankawanena. Ankadikira kuti awanene eni ake.