Tonde Amene Anadikira Sukulu Ithe

Kwathu, kufupi ndi ku Guilleme, mwana akamaliza sukulu timamuphera mbuzi. Ine anandiphera nditalemba Fomu 4, ngakhale kuti mayesowo anandikunkhuniza pansi. Koma mng'ono wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu, mbuzi ya Fomu 4 anaikana, ya ku yunivesite anaikananso, ati sanamalize. Chaka chimene ananyamuka kupita kunja kukachita maphunziro a udokotala, Bambo analowa m'khola n'kusankha katonde koyera, ka banga lakuda pamphuno. Anati kameneka n'ka mwanayo, ndipo kadzafa tsiku limene adzanene yekha kuti sukulu yatha.

Udokotala wake si wa jakisoni. Amafufuza mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi, yomwe ija imagwetsa mango mumtengo, ndipo amaiyeza ndi makina ozungulira dziko kumwamba, masetilaiti. Atalandira udokotalawo anandiimbira foni kuti sabwera msanga, pakuti amutenga pa kafukufuku wina wa anthu amene angomaliza kumene udokotala. Uthengawo ndinaupereka kwa Bambo ndili chiimire, mabelo a zitenje ali kale pa kabaza, ndikuthamangira ku boda ya ku Chipata.

"Akuti atsalira ku yunivesite komweko, Ababa."

"Kalasi yanji tsopano?"

"Palibenso kalasi ina pamwamba pake."

Bambo anangoti, "Oo." Ine ndinakwera njinga n'kumapita, osadziwa chimene ndasiya m'mutu mwawo. Kwathu mwana akafika kalasi yomaliza, chaka chotsatira n'kumuonanso pasukulu pomwepo, aliyense amadziwa kuti akubwereza. Bambo anawerengera bwinobwino monga mwa nzeru za kwathu, n'kupeza kuti mwana wawo walephera.

Sanauze munthu. Ku mphakati wa tchalitchi chathu, kumene kale ankatopetsa anzawo ndi nkhani za mwana wawo wa za kumwamba, anayamba kufika mochedwa n'kukhala kumbuyo. Wina akafunsa za iye, ankayankha za mvula. Ndinazindikira patapita miyezi, ndipo ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma iwo ankangogwedeza mutu. "Ukumubisira mnzako, n'zabwino," ankatero. Mtima unkandipsa, chifukwa ndine wosachedwa kupsa mtima, komanso chifukwa wolakwa ndinali ine.

Tonde uja anakula, ndevu mpaka m'maondo, fungo lake lolonjera alendo asanafike pabwalo. Anadya mtedza wanga woyanika. Anatafuna chitenje chatsopano cha ku Chipata chimene ndinali nditapezera kale kasitomala. Kawiri konse ndinabwera ndi anthu ootcha kanyenya pa boda kuti amuone, ndipo kawiri konse Bambo anawabweza mwaulemu, ati mbuziyo ili ndi mwini wake, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene tondeyo ankakalamba, Bambo nawonso ankatha. Mano anagweluka limodzilimodzi, ndodo inabwera. Ndinkaopa kwambiri kuti adzapita akukhulupirira kuti mwana wawo analephera.

Mng'ono wanga anafika nyengo yokumba mtedza. Patapita masiku awiri, tikuthothola mtedza pakhonde dzuwa lili pamutu, Bambo anakhosomola n'kuyamba, maso ali pa lichero.

"Mwanawe, kubwereza si manyazi. Ine chimanga chikakana kumera, ndimabzalanso. Limba mtima, chaka chino ukhoza."

Iye anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana nkhuku. Sanaseke, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo.

"Ababa, mayeso ndinakhoza onse. Panopa kulibenso mayeso."

"Nanga amakuchonga ndani?"

"Palibe. Yankho la zimene tikufufuzazo palibe amene akulidziwa, n'chifukwa chake anatilemba ntchito kuti tilifune."

Mng'ono wanga anatola mtedza umodzi n'kuusiya kuti ugwe pa mkeka. Anati kukoka kumeneko sikofanana paliponse: pamene pansi pali polemera, dziko limakoka kwambiri pang'ono. Masetilaiti awiri amatsatana kumwamba ngati mathiraki a pa msewu wa ku Lilongwe, ndipo wakutsogolo akafika pamwamba pa malo olemera amathamangako pang'ono, mpata wa pakati pawo n'kusintha. Ntchito yake ndi kukonza njira zoyezera kampata kameneko mosaphonya. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa mapu a chigawo chathu chino, a m'dzinja ndi a m'chilimwe, mitundu yosiyana.

"Mvula ikagwa, Ababa, nthaka ya kuno imalemera ndi madzi, ndipo makinawo amamva ali kumwamba."

"Zimenezo ndiye mukanangondifunsa ine," anatero Bambo. "Khasu limanena."

Tinaseka, koma iwo anabwerera pa funso lawo. "Tsono udzamaliza liti?"

"Sindidzamaliza, Ababa. Tikayankha funso limodzi, patuluka lina."

Bambo anafikisa chikhokhombe cha mtedza m'zala. Kenako anafunsa ngati pali wina aliyense ku yunivesiteko amene angamuuze kuti walephera. Iye anati atha kumutsutsa, koma kumubweza kalasi ayi. Bambo anafunsanso kachiwiri, ndipo yankho linali lomwelo. Ndinaona mapewa awo akutsika. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, mdani wako uja ali kuseri kwa nkhokwe. Kanole mpeni."

Iwo anavala jekete la ku tchalitchi, masana a Lachinayi, n'kuyenda ndi ndodo khomo ndi khomo kuitana a mphakati onse. Pakhomo lililonse ankayambira pa masetilaiti, ndipo ena anawafotokozera kuti mwana wawo amayeza kulemera kwa Mchinji.

Nyamayo tinaiphika tsiku lotsatira kuyambira m'mawa, nkhuni mtolo wathunthu, koma inalimba ngati tayala la thiraki. Alendo ankatafuna mwaulemu, thukuta lili kamukamu. Mng'ono wanga anasankha kanthuli kofewa kuposa tonse n'kukaika m'mbale ya Bambo. Anakatembenuza m'kamwa, uku ndi uku, koma mano oti n'kulumira anali atatha m'zaka zodikira zija. Anakatulutsa bwinobwino n'kukabwezera m'mbale ya mwana wawo.

"Idya ndiwe, ndi yako," anatero. "Ine ndithireni msuzi."

Ndinawathira, ndipo anamwa wonse.