Nkhuku ya chinkhoswe cha Elinah

A Lawson Kachingwe anabadwira ku Lwendulu, m'tauni ya Hwange, m'nyumba ya kampani, bambo awo atachoka ku Ntcheu kudzakumba malasha. Kumudziko iwo sanapondeko n'kamodzi komwe, koma mwambo wake ankaudziwa kuposa obadwira konko, ndipo ankafuna aliyense adziwe kuti akuudziwa. Pamaliro wolankhula anali iwo. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Mwana akawapatsa moni m'Chindebele, ankangomuyang'ana mpaka mwanayo akumbukire Chichewa cha agogo ake.

Unyamata wawo wonse unathera pa chiwongolero cha zimagalimoto za pamgodi, zija matayala ake amatalika kuposa munthu. Kampani itayamba kuchepetsa antchito, nawonso anawauza kuti akapume. Mkazi wawo anali atatsogola kale, ana ali ku Joni. Anatsala okha ndi ovolosi yakale ndi manja osowa chogwira.

Manjawo ndi amene anawapalamulitsa. Pafupi ndi msika panali kontena ya Américo, mdzukulu wa anthu a ku Tete, momwe munali tivi yakale ndi kamakina ka magemu. Gemu imene inadya ana mitu chaka chimenecho inali ya ziloboti za m'makatuni, zimene zimapinda miyendo n'kusanduka malole, kenako n'kudzukanso kumenyana. A Lawson analowamo tsiku lina kuti akamukalipire Américo chifukwa choononga ana. Ataona chilole chachikasu chikudzambatuka n'kuimirira ngati munthu, anaiwala chimene anabwerera.

"Madala, tagwirani apa muone," anatero Américo, akuwapatsa kachipangizo ka mabatani.

Anagwira, ndipo zala zawo zinadzuka. Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa ana ali m'kalasi, njinga n'kuibisa kuseri kwa kontena. Lamulungu likakwana, omwewo ankadzudzula achinyamata otaya nthawi pa zachibwana. Iwo ankati nkhaniyi ndi yachinsinsi. Lwendulu yense ankaidziwa, kungoti anthu ankawasungira ulemu.

Mu 2007 Elinah, mwana wa malemu mlongo wawo, anapeza mwamuna, Mthokozisi, wogwira ntchito kumalo opangira magetsi, kwawo ku Bulawayo. Elinah analibe malume wina. A Lawson anamenyetsa nkhwangwa pamwala kuti popanda chinkhoswe palibe ukwati: akuchimuna abwere ndi tambala, akuchikazi apereke nkhuku yathadzi, ankhoswe asinthane pamaso pa anthu. Nkhoswe ndiye mwini ukwati mpaka imfa, banja likagwedezeka amathamangira kwa iye. Akuchimuna, ngakhale mwambowo sunali wawo, anavomera mwaulemu n'kukwera sitima.

Chinali chaka cha njala, nkhuku zikubedwa masanasana, choncho thadzilo analisungitsa kwa mnzawo kunja kwa tauni. Loweruka la chinkhoswe analawirira kukalitenga, atavala kale suti. Analimanga miyendo, kuliika mudengu pa keliyala, n'kuyamba kupalasa kubwerera.

Magetsi anali atazima sabata yonse, m'tauni yomwe imapangira dziko lonse magetsi. Anayaka iwo akudutsa pamsika. Kanyimbo ka gemu kanatulukira pakhomo la kontena, ndipo miyendo yawo inaleka yokha kupalasa. Kunali chiloboti chimodzi chomaliza, chakuda, chimene chinkawagwetsa nthawi zonse. Anadziuza kuti kamodzi kokha, anthu sanasonkhanebe. Anayedzamiritsa njinga kuseri, pachitsulo, n'kufunditsa dengu ndi thumba kuti nkhuku isawaulule. Unali Okutobala, mwezi umene ku Hwange ngakhale agalu sayenda masana.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chiloboticho chinawagwetsa, anayambiranso. Chinawagwetsanso. Anavula jekete.

"Madala, taonani pakhomo," anatero Américo nthawi ina.

"Aikona, khala chete iwe! Manje ndachipeza."

Sanachipeze. Chimene chinawamasula n'kuzimanso kwa magetsi. Atatuluka, dzuwa linali litapendeka. Anavundukula thumba lija n'kupeza thadzi lili gone, kukamwa yasa, litauma kale.

Anaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Nkhuku ina akanaipeza kuti chaka chimenecho? Anaganiza zonama kuti njinga inaphulika tayala, koma matayala onse anali bwinobwino. Anaikankha wapansi, pang'onopang'ono, chifukwa mtima sunafune kufika.

Pabwalo la nyumba yawo anapeza alendo akusamba m'manja, atadya kale. Pampando wa nkhoswe panakhala a Robson, oyandikana nawo nyumba, munthu wa ku Chipata amene a Lawson ankakonda kumuseka kuti mwambo amangoumvera kwa ena. Tambala wa akuchimuna anali pamapazi pa a Robson. Alendo anayenera kukagwira sitima, ndiye mkazi wa a Robson anagwira thadzi lake lokhalo, mwambo n'kuchitika.

Palibe anawakalipira, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Akanawatukwana, akanapezapo poyankha. Azimayi anangoyang'ana pansi. Mkulu wa akuchimuna anaimirira n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, ngati mlendo wolemekezeka wodutsa m'njira.

Elinah anabwera, chitenje chake chatsopano chili ndi fumbi la malasha m'munsi, n'kugwada.

"Mwana wanga, panjira pandivuta," anayamba a Lawson.

"Ndinabwera, malume," anatero Elinah motsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndinaima pakhomo pa Américo. Simunatembenuke." Kenako anamalizira m'Chindebele, kunena kuti palibe kanthu: "Kulungile, malume." Ananyamula dengu lija n'kupita nalo kuseri kuti alendo asaone zamkati.

A Lawson anachita manyazi mpaka m'mafupa. Anakhala pampando wakumapeto, mutu uli zyoli, chakudya chimene anawapatsa osachikhudza.

Kukontena sanapitenso. Kutchalitchi anapempha okha kuti ena azilalikira. Elinah sanasiye kuwalemekeza. Ankawabweretsera ndiwo, n'kuwachapira makatani. Za tsiku lija sanazitchulenso.

Mvula itatha, banja latsopanolo linakangana, monga amachitira mabanja onse. Madzulo ena a Lawson ali pakhonde anaona Elinah ndi Mthokozisi akubwera, wina patsogolo wina pambuyo, nkhope zili ndwii. Msangamsanga anayamba kukonza mipando. Awiriwo anaima pageti, anapereka moni wabwino, Elinah anapinda bondo, kenako anapitirira n'kukagogoda kwa a Robson.

Nyumba za kampani zimagawana khoma. A Lawson analowa m'chipinda n'kukhala pabedi, ndipo zonse zinkamveka: kulira kwa mwana wa mlongo wawo, kudandaula kwa mkamwini, ndi mawu a a Robson, odekha, akuiyendetsa bwino nkhaniyo. Pena a Robson anafunsa kuti, "Nanga malemu mayi ako akanati chiyani pamenepa?" A Lawson yankho ankalidziwa. Anatsegula pakamwa, koma panalibe amene anawafunsa.