Nthochi m'bokosi la achimwene

Nyanja inandilanda achimwene, ndipo sukulu yanga inamira nawo limodzi, chifukwa fizi inkachokera mu usipa wawo. Ndinali Fomu 3. Mwera unagubuduza bwato lawo kutsogolo kwa gombe la Chikale. Tinafunafuna masiku asanu, tinangopeza nkhafi.

Akuluakulu anati maliro sakhala opanda manda. Anadula thunthu la nthochi lofanana msinkhu ndi achimwene, naliveka malaya awo, n'kuliika m'bokosi. Ndinanyamula nawo. Linkandidonthezera madzi paphewa.

Pasiwa aliyense ankadziwa kumene achimwene ali. Azakhali, kolona m'manja, anati mzimu ukuyeretsedwa ku puligatoliyo, tiziupempherera. Mnzanga wonyamula katundu padoko, amene amapemphera Loweruka, anati akufa ali m'tulo mpaka lipenga lidzalire. Amayi anati mwana wawo anafika kwa Ambuye tsiku lomwelo. Ine ndinkafuna malo amodzi oti ndiziloza.

Kumanda ndinafunsa mkulu wa mpingo, msodzi wokalamba: "Ada, tsiku louka akufa m'dzenje umu mudzatuluka chiyani? Nthochi?"

Azakhali ananditsina. Mkuluyo sanakwiye. "Mawa m'mawa ubwere ndi nkhafi ija."

Tinapalasa mpaka nyumba za m'tauni zinachepa ngati mabokosi a machesi. Analumikiza zingwe zitatu, namangirira mwala, n'kuutsitsa. Chingwe chinatha mwala usanagunde pansi. Anandigwiritsa nsonga yake. Mwalawo unkangolendewera, ukundikoka.

"Thupi la mkulu wako lili uko. Palibe wa ife amene angafikeko."

"Nanga mzimu?"

"Mayi ako ndi azakhali ako azikangana za njira, koma onse akuti uli m'manja mwa Mwini wake. Chimene ndikudikira ine ndi ichi: tsiku limenelo madzi awa adzalamulidwa kubweza aliyense amene anamumeza, aliyense ndi dzina lake. Ana anga awiri alinso momwemo."

Ndinasuzumira. Pamwamba pobiriwira, pansi bii. Ndinaganiza za asodzi onse a chiyambire dziko akukwera kuchokera mumdimawo, unyinji ngati usipa, aliyense akuyankha dzina lake.

Kutchalitchi ndimapita mwa apo ndi apo. Sukulu ija nyanja isunge, sindiyifunanso. Koma ndikamadutsa padoko ndimayikumbutsa zanga zimene zatsala: munthu mmodzi, wamtali, wa mpata m'mano. Ameneyo idzandibwezera.