Atate Anati Ndisachoke Pamchenga

Ndikukumbukira fungo lake kuposa china chilichonse: matope akuda onunkha ngati dzira lowola, mchere, ndi dizilo wa pamalaya a atate. Ndinali mu Sitandade 4, zaka zija matipate atangokhazikika kumene, malole akudutsa kwathu ku Mchinji osalekeza kulowera ku Mozambique chifukwa nkhondo ya kumeneko inali itatha. Atate, a Banda, anali dalaivala wa lole. Holide imeneyo amayi anali kwawo ku Chiosya kudikira kubereka mng'ono wanga, ndiye atate, posowa wondisiyira, ananditenga pa ulendo wa ku Beira kokatenga feteleza.

Kudoko katundu anachedwa. Mnzawo wa atate, a Zulu a ku Chipata, munthu wosatha kukhala pansi, anamva kuti kuli gombe lina kutali ndi tawuni kumene asodzi amayanika nsomba zabwino. Anapeza mwini bwato, a Juwawo, mkulu wachisena amene tinkamvana naye ndithu ngati munthu wa ku Nsanje.

Ine madzi amene ndinkawadziwa anali a padambo ndi a mtsinje wa Bua. Bwato linali laling'ono, lodontha, ndipo a Zulu anapatsidwa chigubu choduka kuti azikapa madzi. Tinalowa m'timitsinje tokhotakhota, uku ndi uku mitengo yomera m'madzi momwemo, mizu yake ili pamwamba ngati miyendo ya kangaude. Nkhanu zinkakwera m'nthambi. Kamtsinje kakagawikana, a Juwawo ankangokhotetsa bwato ndi ndodo yawo yaitali osayang'ana n'komwe. Atate, amene ankawoloka mapiri ndi lole yodzaza, anagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse awiri ulendo wonsewo, kwinaku akundiuza ine kuti ndisaope. Ndinaviika chala m'madzi n'kulawa. Ndinaganiza kuti wina wathiramo mchere dala.

Kenako mitengo inatha, patsogolo pathu panatseguka mchenga woyera wothobwa m'maso, ndi madzi opanda tsidya lina. A Juwawo anatitsitsa, nati akupita kukaona maukonde awo. Anatilozera mzere wa zinyalala kumtunda kwa gombe, n'kutiuza momveka bwino kuti madzi achoka, koma abweranso mpaka pamzerepo, choncho tisatsikire kutali.

Madzi anachokadi. Tikugula nsomba, nyanja inkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka inakaoneka ngati ulusi wonyezimira kutali. Pamene panali mafunde panatsala mchenga wonyowa, zigoba, ndi tinsomba tikuphiriphitha m'timaenje.

"Mudala, manzi yathawa," anatero a Zulu. "Tiyeni tikatole ndiwo za mahala."

Atate anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe. Kwathu mtsinje umasefukira mvula ikagwa, kaya pompo kaya kumtunda, ndipo unali mwezi wa Ogasiti. Iwo sanaganize kuti a Juwawo ananama, anangoti mwina mkuluyo amanena za dzinja. Tinatsika.

Tinayenda mtunda ndithu, ine n'kudzicheka chala cha kuphazi pa chigoba. Atate anandimanga ndi mpango wawo, nandikhazika pa kachulu ka mchenga. Anavula nsapato zawo za kuntchito n'kundipatsa.

"Usunge izi. Usachoke pano mpaka ndibwere."

Kwathu mawu otero sankafuna kubwereza. Mwana akauzidwa kuti akhale, amakhala, kaya nyerere zikumuluma. Ndinawaona akuchepa, iwo ndi a Zulu, atawerama ndi majumbo awo.

Chimene mpaka lero chimandiumitsa thupi n'chakuti madzi sanachokere kutsogolo kumene ndinkayang'ana. Anabwera chakumbuyo, mwakachetechete, kudzera m'kangalande kamene tinadumpha pobwera. Nditacheuka ndinaona kangalandeko kali kamtsinje, pakati pa ine ndi gombe. Nthawi imeneyo ndikanatha kuwoloka, sakanandifika ndi m'mawondo momwe. Ndinaimirira, n'kukhalanso pansi. Atate anali atanena.

Kachulu kanga kanayamba kuchepa. Madzi anafika m'mapazi, bala lija linawawa ngati athirapo tsabola. Ndinaimirira, nsapato n'kuzisenza pamutu kuti zisanyowe. Anafika m'mawondo, mchenga ukukokoloka pansi pa mapazi anga. Kukuwa sindinakuwe. Ndinkaopa kuti aziti mwana wa a Banda ndi wamantha, komanso mumtima ndinkakhulupirira kuti poti atate andiika pano, ndiye kuti pano ndi pabwino. Diresi langa linayamba kuyandama m'chiuno.

Atate anandiona pamene madziwo anawapeza nawonso. Sindinawaonepo akuthamanga chikhalire, koma tsiku limenelo anathamanga, akugwa, akudzuka, jumbo atataya. Kusambira sankadziwa. Pakati pa iwo ndi ine madzi anawafika m'chifuwa, kenako m'khosi, ndinkangoona mutu wawo ukubwera, pakamwa pali yasa. Atandifika anandinyamula n'kundikhazika pamapewa, ndipo tinaima pomwepo, poti kopita kunalibe. A Zulu anali patali, atakweza malaya m'mwamba, akuitana mayina a oyera mtima onse amene ankawadziwa.

Bwato linatulukira m'mitengo muja madzi atawafika atate m'khwapa. A Juwawo anandikokera m'kati, kenako atate, kenako tinakatenga a Zulu. Sanakalipe. Anangondiyang'ana, ndikadagwirabe nsapato pamutu, n'kupukusa mutu. Pobwerera m'timitsinje muja atate anasanza kawiri, ndipo sanandisiye dzanja mpaka kudoko.

Nkhaniyi sitinaikambenso mpaka chaka chimene ndinabereka mwana wanga, nditamaliza kale kukoleji. Atate anabwera kudzaona mdzukulu, anamunyamula nthawi yaitali, kenako anati, osandiyang'ana:

"Ku Beira kuja, madzi sanandiopse kwenikweni. Chinandiopsa ndi iwe. Unali ndi mpata wothawa, koma unaima pomwepo chifukwa cha ine."

Ndiulule, ndine mayi wamantha. Beseni la madzi sindilisiya pakhomo, ndipo mwana akachedwa kuchokera kwa aneba mtima umakhala uli m'mwamba. Ife tinaleredwa kuti mawu a wamkulu sawafunsa, ndipo zambiri za kaleredwe kameneko ndimazithokoza. Koma wangayu ndikamuuza kuti adikire penapake, ndimawonjezera kuti akaona choopsa athawe, akuwe, asadikire ine. Apongozi anga amati ndikumulera mwano, poti dzana anawafunsa chifukwa chake atamuuza kuti akhale phee pakhonde. Ndinawapepesa mwaulemu, maso ali pansi. Mwanayo sindinamukalipire.