Disiketi Imene Ndinasungitsa ku Chiuta

Kompyuta itafika pa ofesi yathu ku Liwonde, anandikhazika ineyo patsogolo pake, poti wotayipa makalata ndinali ine. Inkandizunguza mutu. Mawu ndalemba dzulo, magetsi azima usiku wonse, lero ndikuwapeza ali pompo! Amagona pati? Ndinkawafunsa bambo ena a ku Blantyre amene ankabwera kudzaikonza, mpaka anatopa nane.

Nthawi imeneyo bambo anga ankadwala chifuwa ndipo ankakhala kwa ine. Ankandisimbira moyo wawo: mmene makolo athu anaolokera nyanja ya Chiuta pa bwato, ulendo wawo wapansi wa ku migodi, ndi zina zokhudza boma zimene masiku amenewo munthu sunkazinena ngakhale kwa mnzako wa pamphasa. Anzanga akapita ku nkhomaliro, ine ndinkatsala n'kumatayipa mawu awo enieniwo, Chiyao ndi Chichewa chosakaniza. Ndinkadziwa kuti sakhalitsa.

Okonza kompyuta aja anandiphunzitsa kutseka nkhaniyo ndi mawu achinsinsi, kuti wina akaitsegula angoona zizindikiro zopanda mutu. Kenako anaikopera pa disiketi. "Achemwali, makinawa amabedwa, amapsa. Iyi mukaisunge kutali." Madisiketi a nthawi imeneyo anali otambalala ngati chikhatho, opyapyala, ofewa ngati katoni.

Malangizowo sanandivute kumva. Kwathu mbuzi sitisunga m'khola limodzi, zina timasungitsa kwa abale kuti fisi kapena wakuba asamalize zonse. Ndiye ndinakwera sitima kukaisiya kwa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene ankagulitsa nsomba zouma ku Chiuta.

"Muli chiyani umu?" anafunsa.

"Mawu a achimwene anu."

Anaiyang'anitsa kudzuwa, anaigwedeza, anaiika kukhutu. Zii. Ndinawauza kuti asainyowetse ndiponso asaiyandikize kumoto.

Bambo anamwalira mvula isanagwe. Sipanapite nthawi, akuba anathyola zenera la ofesi n'kunyamula kompyuta, ndi ketulo yomwe. Anzanga ankadandaula za ntchito yawo, koma ine mumtima ndinkangoti, wakuba iwe, ukawerengamo chiyani? Ndipo disiketi yanga ili kwa azakhali.

Nditafika ku Chiuta ndinawapeza akutembenuza nsomba pathandala. Nditanena chimene ndadzera, anapukuta manja, napisa m'khosi mwa bulauzi. Anatulutsa kachikopa kakang'ono ngati bokosi la machesi, kosokedwa mbali zonse, kali pa chingwe.

Kwa ife Asilamu a kumeneko, mawu amene munthu ukuwalemekeza umawapinda bwinobwino n'kuwasokera m'chikopa, hirizi, kuti uziyenda nawo. Azakhali atabwerako ku maliro anaona kuti mawu a mlongo wawo sangamagone m'sutikesi pamodzi ndi mphemvu. Anaipinda disiketi ija kanayi, napita nayo kwa wosoka nsapato, ndipo iye anabaya singano pena paliponse kuti ilimbe.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa mamba a nsomba. Kukalipa ndinkafuna, koma ndikalipire ndani?

"Sinanyowe ngakhale tsiku limodzi," anatero monyadira, akundiveka chingwecho m'khosi. "Tsopano ukakaitsegula ku Liwonde, udzandiwerengere. Achimwene aja tinakangana za munda, anapita tisanalankhulane bwino. Ndimafuna ndimve ngati ananditchulako."