Tsiku Limene Salma Anati "Sindidziwa"

Inu amene mwatopa ndi kuyesayesa, khalani pansi mumve za Salma wa ku Katete.

Chaka cha 1983, pa tsiku la msika, anthu anamutenthera dengu lake la mizu iye akuona. Sabata imeneyo kunabwera munthu wina pa lole, n'kumagulitsa mabotolo a madzi akuda oti amachiza chilichonse, kuyambira mutu mpaka kusabereka. Ana atatu amene anamwa madziwo anagonekedwa m'chipatala. Mwini mabotolo anali atathawa kalekale, ndiye mkwiyo unagwera aliyense wogwira zitsamba. Komiti ya msika inawathamangitsa onse.

Salma anali wamasiye. Bambo ake, a Haruna, amene anachokera ku Malawi, sanamusiyire munda kapena sitolo. Anamusiyira nzeru yodziwa kuti khungwa la muwawani limathandiza pati, ndipo likachuluka limavulaza bwanji. Mizu yopsayo sinamupweteke kwambiri, mizu imakumbidwa. Chimene chinamusowetsa tulo ndi dzina la bambo ake. Akamadutsa, anthu ankanong'onezana kuti, "Uja wa a Haruna, wodwalitsa ana."

Tsiku lina kunyumba kwake kunafika namwino wina wa ku Sinda, a Ottilia, amene ankawadziwa bwino a Haruna.

"Iwe Salma, leka kulira," anatero. "Manje asing'anga akulembetsa ku boma. Ukapambana mafunso upatsidwa khadi, ndipo palibe adzakusakaniza na anthu a mabotolo. Koma upeze mboni makumi awiri, anthu amene unawathandiza, adinde chala papepala."

Salma anaseka koyamba m'mwezi wathunthu. Makumi awiri okha? Iye anathandiza mazana!

Koma anthu ndi anthu. Ambiri a iwo anali a m'mabanja achikhristu a ku Sinda, amene ankabwera kwa iye podzera kanjira ka kuseri. Kuchira anachira ndithu, koma kuvomera poyera kuti anamwa mankhwala a mwana wa Msilamu, eee, pamenepo aliyense anadwala matenda oiwala. Salma anayenda wapansi masabata atatu mpaka midzi ya ku Mkaika. Papepala panali zala ziwiri basi.

Sanabwerere m'mbuyo. Lamlungu lina anakaima panja pa tchalitchi, pepala lili m'manja, manyazi akumudya. Anthu atatuluka, mkulu wa mpingo, a Fanwell, anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anapinda buluku mpaka m'bondo.

"Chilonda ichi munachiona nonse, zaka ziwiri chikununkha," anatero mokweza. "Anachipoletsa ndi mwana uyu. Bweretsani inki!"

Taonani mzere! Amene dzulo sankamudziwa anayamba kukankhana, wina akuonetsa chipsera, wina akunyamula mwana m'mwamba. Pofika masana zala zinali makumi atatu ndi chimodzi, ndipo inki inatha.

Tsiku la mafunso, mu ofesi munakhala dokotala ndi asing'anga awiri achikulire. Amene analowa Salma asanalowe ankatuluka akudziguguda pachifuwa. "Andifunsa ngati pali matenda ondikanika," anatero mmodzi. "Ndawauza kuti palibe!"

Salma analowa. Mizu yonse imene anamuikira patebulo anaitchula, ndi muyezo wake womwe. Kenako dokotala anafunsa funso lija. "Amayi, pali matenda amene simutha kuchiza?"

Akanena zoona, khadi lapita. Akanama, ndiye kuti wafanana ndi munthu wa pa lole uja.

"Alipo ambiri, adokotala," anayankha motsitsa mawu. "Chifuwa chotulutsa magazi sindichidziwa. Mwana akatsekula m'mimba mpaka maso kulowa, ndimamuthamangitsira kwa inu. Fupa likatulukira kunja sindiligwira."

Anatchula matenda khumi ndi amodzi. Dokotala ankangolemba. Salma anatuluka misozi ili chuchuchu, akudziwa kuti masabata onse aja wawataya ndi pakamwa pake.

Anali atatsala pang'ono kufika pamsewu waukulu pamene anamva munthu akukuwa kumbuyo. Anali a Ottilia, akuthamanga kuchokera ku ofesi kuja, nsapato zili m'manja.

"Salma! Imirira, iwe! Wapambana! Adokotala akuti sing'anga wodziwa polekezera ndiye amene amamufuna. Uja wochiza zonse amubweza!"

Salma anakhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Patapita mwezi anabwerera mumsika. Khadi analikhomera pansanamira, pamalo omwe dengu linapsera. Woyamba kuima patsogolo pake anali mayi wa mmodzi mwa ana atatu aja. Anayang'ana khadilo nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuitana mnzake, osanong'oneza ayi, koma mokweza kuti msika wonse umve.

"Bwerani kuno! Wa a Haruna wabwera!"

Inu amene muli ndi luso m'manja, musaope kuliika patebulo kuti ena aliyese. Kalembetseni, kayankheni mafunso, ndipo chimene simuchidziwa chineneni poyera. Dengu likapsa, kakumbeni mizu ina. Mtima wokha ndiwo musautaye!